Mpango wa Amayi ndi Dzimbiri la M'thanki

Ndikukumbukira lole ya abambo kwathu ku Chia, chigalimoto chokalamba chimene chinkanyamula mpunga ndi nsomba zouma kupita ku boma. Amayi ankaitchula kuti "mkazi mnzanga." Abambo akangolowa pansi pake ndi sipanala, amayi ankayamba: "Bambo a Asiyatu, lero mudyanso kwa akazi aang'ono? Ine ndiye ndaphikira nkhuku."

Nthenda ya loleyo inali kutsamwa. Thanki yake inachita dzimbiri, ndipo petulo wa m'migolo ankabwera ndi madzi komanso mchenga. Abambo ankangotsuka sefa, n'kupemerera paipi mpaka masaya kutupa, basi ulendo.

Ndili mtsikana wa sitandade fili, mlongo wanga wamng'ono, Saidi, anadwala malungo mpaka kukomoka. Tinanyamuka m'mawa kuthamangira kuchipatala, amayi atamufukata, thupi lake likutentha ngati mbaula. Tili pakati pa ulendo, lole inatsokomola, n'kuzima. Abambo anatsuka sefa, tinayenda pang'ono, yazimanso. Msewu wonse zii, ngakhale njinga.

Ndinadikira kuti amayi alalate. Sanatero, ndipo mantha anandigwira.

"Thanki yasanza dzimbiri lonse," anatero abambo. "Tiyenera kusefa petuloyu, koma tisefera chiyani?"

Malaya awo anali obookabooka. Chitenje cha amayi chinali cha chipani, ndipo kuthira dzimbiri pankhope imene inali pamenepo kukanakhala kudziitanira tsoka. Amayi sanafunse munthu. Anavula mpango wawo woyera, wa tsiku la ukwati wawo, umene ine sankandilola n'kuukhudza komwe.

"Tengani, mumwetse mkazi wanuyo. Bola andifikitsire mwana wanga kuchipatala."

Ndinali ndisanaonepo amayi ali opanda mpango kumutu pamsewu, ndipo ndinayang'ana pansi. Ndinakunga mpangowo pakamwa pa chigubu, abambo akuthira petulo amene anakhetsera m'ndowa. Pansalupo panatsala matope ofiira ngati katondo. Kenako abambo anamangirira chigubucho padenga la lole, n'kutsitsa paipi molunjika ku injini, thanki n'kuisiya. Atapukusa handulo, lole inabangula. "Alhamdulillah!" anafuula abambo, misozi ili mbwee.

Saidi anachira, lero ali ndi zidzukulu. Sabata yomweyo abambo anatsitsa thanki ija, n'kuthiramo timiyala ta kunyanja, ndipo tinaikunkhuniza pabwalo mpaka dzimbiri lonse litatuluka. "Tinkatsuka sefa, chikhalirecho nthenda ili m'mimba," ankatero.

Nanga amayi analeka kuinyoza? Ayi ndithu! Mawa lake anayambiranso. Kale ndinkayesa kuti amadana nayo loleyo, koma tsopano ndakalamba m'banja langa, ndipo ndikudziwa kuti pena chikondi chimayankhula molalata. Mpango uja sunayerenso, ngakhale anauchapa kangati. Amayi atamwalira tinaupeza pansi pa sutikesi yawo, atakulungiramo kiyi wa mkazi mnzawo.