Chithunzi cha Kuseri kwa Balani

Ndinaganiza zochoka tsiku limene ndinasankha fodya kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mwini munda n'kundilipira ndowa ya chimanga chofumbwa. Kunali ku Macheke, m'dziko la Ashona, pa famu imene ndinabadwirapo, itagawidwa kale m'mapuloti. Ife a m'komboni sitinapatsidwe ngakhale pobzala tsabola. Akuti kwathu ndi ku Malawi, dziko limene phazi langa silinapondepo. M'nyumba ndinali ndi Tadala, mwana wa malemu mwana wanga Malita, wa zaka khumi ndi ziwiri, wopita kusukulu wopanda nsapato. Bambo ake, Mshona wa ku Murewa, anathawa mimba isanaoneke n'komwe. Ndinamusiya mtsikanayo m'manja mwa mwana wanga wamwamuna, Laitoni, ine n'kukwera basi ya ku Joni.

Zaka khumi ndi chimodzi ndinasambitsa nkhalamba ya mzungu yoiwalaiwala, imene m'mawa uliwonse inkandifunsa dzina. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja, ndipo Lamlungu ndinkalankhula ndekha Chichewa kuti lilime lisaume. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, koma mawu a pa foni sindinkawakhulupirira. Laitoni akati nsapato tagula, ndinkati: jambulani, zili kumapazi. Akati mwana wakhoza mayeso, jambulani pepalalo, dzina lioneke. Ndinkadziwa kuti pakamwa pamanama. Chithunzi ndinkayesa kuti sichinama.

Nkhani ya ukwati wa Tadala inandipeza itapsa kale, Laitoni ataimba foni.

"Amayi, mwana wapeza munthu. Ndi a ku Marondera, anthu a tchalitchi, olemekezeka. Roora, malowolo aja, apereka."

"Apereka kwa ndani? Ine mwandifunsa liti?"

"Netiweki imavuta, amayi."

Netiweki imeneyo sinavutepo tsiku lopempha ndalama.

Ndinasiya ntchito, ndinabwera. Ukwati unachitikira pa nyumba yakale ya mwini famu ina, imene masiku ano amabwereketsa maphwando. Atandikhazika pa tebulo la kumbuyo, pafupi ndi jenereta, ndinadziwa kuti pali chimene chabisidwa. Ndinayang'ana kutsogolo. Pa mpando wa makolo a mkwatibwi panali mwamuna wa ku Murewa uja, atanenepa, atavala suti, ndipo pambali pake mkazi wake, atavala chipewa chachikulu ngati lichero, pa malo a Malita.

Ndinamukokera Laitoni pambali.

"Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Iwe ndiwe malume. Munthu uyu akufuna chiyani pano?"

"Amayi, tsitsani mawu. A kuchimuna anafunsa kuti kumusha kwathu n'kuti. Ndikanati chiyani, komboni? Akangomva Chichewa ayamba za Gule, ati ndife anthu opanda mudzi. Ndinapita ku Murewa kukabwereka mudzi, basi. Lero lokha lankhulani Chishona. Ndawauza kuti ndinu achibale a patali."

Achibale a patali! Ine amene ndinatsuka matewera a mzungu kuti mwanayo aphunzire unamwino.

Ndinabwerera pa mpando, chikwama m'khwapa, maso ponseponse. M'pamene ndinamuona wojambula. Anali mayi wamkulu ndithu, wovala thalauza, makamera awiri m'khosi. Sankauza anthu kuti imani apa, sekani. Ankazemba kuseri kwa nsanamira, kunjuta pansi pa mitengo, kudikira munthu aiwale nkhope yake, kenaka khethe! Kangapo ndinapeza diso la kamera lili pa ine.

"Iwe, wakutuma ndani kuti uzindilondalonda?"

"Hapana andituma, gogo. Ndiri pabasa," anayankha m'Chishona, akuti palibe wamutuma, ali pa ntchito chabe. Koma ndinaona kuti Chichewa changa wachimva bwinobwino, ndipo ndinamukayikira koposa.

Itakwana nthawi ya zithunzi za banja, woyendetsa mwambo anaitana makolo a mkwatibwi. Wa ku Murewa ananyamuka akukonza tayi. Anamukoleka Tadala dzanja paphewa ngati analipirapo fizi ngakhale ya temu imodzi. Onse anaonetsa mano. Ndinaona ndi maso anga mmene chithunzi chimanamira, ndipo ndinakumbukira zithunzi zonse zimene ndinkazipsompsona ku Joni. Ndinatuluka.

Kuseri kwa nyumbayo kuli balani yakale yowotchera fodya, yogumuka mbali imodzi. Ndinaima pamenepo, fungo la fodya wakale lili m'njerwa. Posapita nthawi ndinamva nsalu ikukhwekhwereza m'tchire. Anali Tadala, atanyamula diresi m'manja, koma mchira wake utatola chisoso chonse cha m'njira.

"Agogo."

Mawu oyamba a Chichewa amene ndinamva kwa iye tsiku limenelo.

"Bwerera kwa abambo ako."

"Amalume anati mukaima pa chithunzi, ukwati utha. Ndinaopa, agogo."

"Ine sindinaope pa malire a ku Beitbridge? Taona diresi mmene waichitira, chitsiru iwe."

Sindinamukumbatire. Ndinagwada n'kuyamba kuthothola chisoso chimodzichimodzi, ndikumukalipira. Iye anaika dzanja pa duku langa, misozi ikugwera pa khosi panga. Kenaka, khethe! Mayi wa makamera uja anali pa ngodya ya balani. Ndinatola chibuma n'kumugenda. Chinamupeza pa mwendo, koma sanatukwane. Anangonena m'Chichewa chopindika cha ana a m'mafamu, "Agogo anga nawonso anawabisa kukhitchini," n'kumapita akutsimphina.

Patatha milungu iwiri zithunzi zinatuluka. Apongozi ake a Tadala anakhala pansi kusankha choti apachike pabalaza. Anadutsa za keke, za kuvina, za wa ku Murewa ndi mano ake, n'kuima pa cha kubalani.

"Ndiani uyu?" anafunsa. Ndani ameneyu, amene mkwatibwi akumulirira chonchi?

Tadala akuti anayang'ana mwamuna wake, n'kuyankha, "Ndi agogo anga, obereka mayi anga. Ndiwo anandilera. Kwathu ndi ku komboni ya ku Macheke."

Ukwati sunathe. Koma musaganize kuti anabwera ndi bulangeti kudzapepesa. Apongoziwo anangoti chithunzicho n'chokongola, chikakhale kuchipinda. Pabalaza anapachika cha wa ku Murewa.

Changa ndinakachitenga ndekha kwa wojambula, ndipo ndinamufunsanso za mwendo. Ndachiyang'ana kambirimbiri. Ndine nkhalamba yogwada m'fumbi, nkhope yolusa, chikwama chikadali m'khwapa ngati wodikira basi, pa ukwati wa mdzukulu wanga. Zaka zonse zija ndinkati ndikadzabwerera kwathu ndidzachiika pansi chikwamacho. Ndinapeza kuti kwathu kuli anthu amene amadya za m'manja mwako n'kumachita manyazi ndi lilime lako, ndipo woyamba ndi amene unamuyamwitsa.

Ndachikhomera moyang'anana ndi khomo, kuti Laitoni akamalowa kudzapempha shuga azikumana nacho. Masiku ano amaitanira panja.

Tadala amandiitana ku Marondera mwezi uliwonse, ndipo ndimapita, ndi mbatata ndi nsinjiro. Ndinamuuza kuti tsiku limene chithunzi chija chidzatuluke kuchipinda n'kukhala pabalaza, ndidzalowa m'nyumba mwake. Mpaka lero timachezera pa geti, m'Chichewa, mokweza.