Mphete pa Chala Chomangidwa

Ukwati wanga utayandikira, alangizi anabwera kwathu ku Chongwe kudzandiphunzitsa za m'banja. Anandiuza kuti ndiyale bedi iwo akuona. Pofuna kuonetsa khama, ndinakankhira shiti pansi pa matiresi ndi mphamvu zanga zonse. Potulutsa dzanja, nsonga ya chala chovala mphete inali italendewera ngati khosi la nkhuku ya chitopa.

Amalume, amene ankatchuka ndi kubwezeretsa zala zoguluka ku bwalo la mpira, anachikoka mpaka ndinaitana mayi anga. Atachisiya chinagwanso.

"Osachidonsa futi," anatero anesi kuchipatala poletsa kuchikokanso, akundimanga kapulasitiki kowongola nsongayo. "Sichinaguluke, ni mtsempha waduka. Chikapindika kamozi chabe tiyambilanso, kapena chizankhala so mpaka ku manda."

Ndinkasamba dzanja lili m'mwamba ngati mwana wofuna kuyankha funso m'kalasi. Ndinapirira. Koma apongozi anga aakazi atakaona kapulasitikiko anagwira pakamwa.

"Mwana wanga, mphete izangena shani pa chala chomangidwa? Nanga mafoto? Uchoseko chabe pa tsiku ija."

"Inde, amayi," ndinayankha, mtima ukuwira. Mkamwana watsopano sakana. Koma ndinkaopa kwambiri kukalamba ndi chala chogwada chifukwa cha zithunzi.

Ndinakadandaulira bwenzi langa, amene ankakama ng'ombe ku Palabana. Anangoti, "Nizaona." Yankho limeneli linandikwiyitsa kuposa la apongozi.

M'tchalitchi, abusa atanena za mphete, bwenzi langalo linamasula lokha kapulasitikiko n'kuika chala chake pansi pa nsonga ya changa. Anayamba kuyendetsa mpheteyo pang'onopang'ono, akusinthanitsa zala kuti nsonga isagwe, thukuta lili kamukamu. Kwaya inamaliza nyimbo n'kuibwereza. Abusa anatsokomola. Mayi wina kumbuyo anaimba nthungululu nthawi isanakwane, n'kuisiyira pakati. Mphete italowa, iye anamanganso kapulasitikiko anthu onse akuona, apongozi atayang'ana kudenga.

Pa zithunzi zonse ndikuoneka ngati ndikuloza mpingo ndi chala cholakwika. Apongozi anazisunga m'kabati mpaka tsiku lomwalira.

Chalacho chinachira kalekale, ndipo n'chowongoka kuposa zinzake. Koma mpaka lero, tikakhala moyandikana m'minibasi yopita ku Lusaka, mwamuna wanga, bambo wa imvi tsopano, amatenga dzanja langa n'kuika chala chake pansi pa nsonga ija. Sindinamuuzepo kuti palibenso chifukwa.