Mwendo Umene Anauyeza

"Nanga mwendo uja akuti chavuta n'chiyani, achemwali?" Anandifunsa choncho mayi woyandikana nane, ndikutsitsa mwana kumsana. Koma mwendo umene anauyeza sunali wodwalawo.

Ndili ndi ana awiri aakazi. Wamkulu sakhala pansi, ndi wothamanga. Wamng'ono wakwanitsa zaka zitatu akukwawa, mwendo wakumanzere utawonda ngati phesi. Titamva kuti ku Mangochi kwabwera anthu ofufuza za minofu ya miyendo ya ana, ali ndi makina oonera mkati mopanda kung'amba, ndinasiya usipa wanga pathandala, n'kukwera lole kuchokera kwathu ku Makanjira. Ndinatenga ana onse, poti wamkuluyo ndinalibe womusiyira. Lole inatitimira m'matope, tinafika tsiku lachiwiri.

Pachipatala ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Kudikira ndimatha ine. Kenako kunabwera nesi wachitsikana, pepala lili m'manja.

"Mayi, pepani. Ana odwala miyendo anakwana dzulo."

"Anakwana bwanji, anesi? Uyu ndi mmodzi yekha. Salemeranso."

Anandifotokozera mofatsa. Akuti asanayambe ntchito amawerengeratu kuti pakufunika ana angati kuti zimene apeze zikhale zodalirika. Akachepa, zotsatira zimanamiza. Akachuluka, ndiye kuvutitsa ana pachabe. Akutinso iwo sakuchiza, akungofuna kudziwa. Ndinagwada pasimenti. Ndinati mungomugunditsa kachipangizo kanuko kamodzi, musalembe n'komwe. Anati sangathe, ndikaime pamzere wa odwala Lolemba.

Apo m'pamene anaona wamkulu uja akudumphadumpha pakhonde.

"Uyunso ndi wanu? Ana abwinobwino oyerekezera nawo ndi amene akutiperewera. Mungalole?"

Ndinalola, poganiza kuti tikalowa m'chipindamo wina amuona mng'ono wakeyo. Anampaka mafuta ozizira pa katumba, iye akuseka. Pagalasi panaoneka mizeremizere yotuwa. Adokotala anati, "Minofu yabwino kwambiri iyi." Wodwalayo anali kumsana kwanga, mwendo uli lende pafupi ndi chigongono chawo. Ndinasendera pang'ono, n'kusenderanso. Sanatembenuke.

Lolemba linali kutali, kamba atatha, ku Mangochiko ndilibe m'bale. Tinabwerera. Mwanayo akukwawabe.

Mayi woyandikana nane uja ndinangomuuza zimene zinapita: masiku anayi, usipa wonse umene unaola ndi mvula pathandala, ndi malo amodzi amene tinawaphonya ndi tsiku limodzi.