Kamzere Kowala M'mwala wa Selemani

Amuna anga a Twahir sadziwa kukhala pansi. Ngakhale tiyi amamwa chiimirire, diso lili pakhomo ngati panja pali minibasi ikuwadikira. Zaka zonse zimene ankanyamula zikwama pa bwalo la ndege la Chileka ndinkati ndi ntchito ikuwathamangitsa. Atapuma ndi pamene ndinadziwa kuti ndi mmene analengedwera.

Chimene chinawonjezera moto ndi kapaipi. Ndi kakuda, kotalika ngati chala, mbali ina kali ndi kagalasi, mbali ina kampata ngati kocheka ndi lezala. Anawapatsa ndi mlendo wina wogula miyala amene ankadutsadutsa pabwalopo, atamupezera chikwama chimene chinasochera. Dzina lake eti ndi sipekitirosikopu. Ine lilime langa silifika kumeneko, ndimangoti kapaipi. Umawalitsa tochi kuseri kwa mwala n'kusuzumira, ndiye mkatimo mumaoneka utawaleza wokhala ndi timizere, ndipo mtundu uliwonse wa mwala uli ndi timizere take. Mlendoyo anawaonetsa kamodzi kokha, pa mphete yake, mmene rube, mwala wofiira wa mtengo wapatali, imaonekera: kamzere kowala kwambiri kumbali yofiira. Kamzere kameneko kanawakhala m'mutu zaka ndi zaka.

Sagulitsa miyala ayi, bola akanamagulitsa. Iwo n'kungofuna kudziwa basi. Mvula ikakokolola, uwaona m'makwalala a ku Kuntaja, mawa lake ku Madziabango, mutu uli pansi ngati nkhuku. Matumba a mathalauza ndasoka mpaka ndatopa. Lachisanu pochokera ku mzikiti anthu amawaimitsa, wina katimwala mu mpango, wina mphete ya mkazi wake. Kawirikawiri yankho limakhala lakuti, "Pepani, ili ndi galasi." Sanamiza munthu, n'chifukwa chake aliyense amawakhulupirira.

Mlongo wanga Selemani nayenso ankawakhulupirira. Iye amalima munda umene amayi anatisiyira ku Lirangwe, ndipo banja lake lonse limadya za m'munda umenewo, alibe kwina kogwira. Tsiku lina mu Disembala, chimanga chili m'mawondo, anatulukira ali chinyowere, atakulunga kamwala kofiira mu pepala la shuga. Anakatola kumunsi kwa munda, kumene kumadutsa madzi.

Kunja kunali chimvula, m'nyumba mdima ngakhale anali masana, ndiye tinali titayatsa babu, limodzi la opotana aja amati sadya magetsi, amene tinali titangoika kumene. A Twahir anatenga tochi yawo yakale, koma mabatire anali atatha.

"Bambo a Shamima, dikirani mvula ikate mukagule mabatire," ndinatero.

Kudikira, iwowo? Anakoka mpando, n'kukwerapo, n'kuika kamwala pafupi ndi babu lija. Anasuzumira.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "kamzere kaja aka. Iyi ndi rube. Pamene yachokera iyi pangakhale zinzake. Koma musauze munthu, anthu angakudzadzireni m'munda."

Selemani sanadye n'komwe. Anasiya kamwalako kuti alamu ake akasunge, n'kulowanso mumvula.

Masiku otsatirawo m'nyumba munalibe mtendere. A Twahir ankalowa, kutuluka, kukhala, kudzuka. Mabatire osagula, poti mtima unali utakhuta kale. Tsiku lina m'mawa kukuchitanso mdima wa mvula, manja akuwayabwa, anatola ndolo yanga pa tebulo, ya galasi lofiira, zija timagula pansi pa msika wa Limbe. Anakwera pampando paja mongosewera. Anailozetsa ku babu lija, n'kusuzumira mu kapaipi.

"Mayi a Shamima, ndolo yanuyi mwaigula kuti?"

"Kwa anyamata a pamsika. Bwanji, nayonso ndi rube?"

Sanaseke. Anachotsa ndolo ija n'kuloza kapaipi pa babu lokha, popanda mwala uliwonse. Kamzere kowala kanali pomwepo. Kanali ka babu. Tochi yawo yakale imatulutsa kuwala kosalala, kopanda timizere, koma mababu atsopanowa ali ndi timizere tawo, ndipo iwo anali asanasuzumirepo.

Ndinapsa mtima, sindibisa. Ndinawauza kuti munthu wamkulu wa imvi kulephera kudikira mvula, ndiye taonani. Iwo anali kale pa foni, akuimbira Selemani. Foni ya Selemani inali yozimitsa. Ndi iwo omwe anamuuza kuti asauze munthu, ndiye mlongo wanga, pothawa mafunso a abale, anangoitseka.

Tinanyamuka ndi kamwala kaja. Minibasi ya pa Chileka inachedwa kudzaza, a Twahir anatsika n'kukwera, kutsikanso, mpaka kuyamba kuthandiza kondakitala kuitanira anthu. Pa Kameza tinasintha. Pa Lunzu inaimanso, akupakira matumba a makala ndi mbuzi, iwo akungomenya bondo ndi chikhatho. Ine mumtima ndinkangopempha Allah kuti tikapeze Selemani asanayambe. Pa Lirangwe tinakwera kabaza, koma matope atachuluka a Twahir analumpha n'kuyamba kuthamanga wapansi, kofia ili m'manja.

Tinachedwa. Kumunsi konse kwa munda, kumene kumabereka bwino, kunali maenje ofika m'chiuno, dothi lofiira lili milumilu. Chimanga chozulidwa chinali chitaunjikidwa m'mphepete, chapansi chitayamba kale kuchita chikasu. Feteleza yense amene anathira anali atapita ndi dothi limenelo. Selemani anali m'dzenje ndi khasu, mkazi wake Saida akusefa dothi ndi lichero.

"Alamu, mwabwera bwino," anatero Selemani akumwetulira. "Sitinapezebe ina, koma pansipa dothi layamba kusintha."

A Twahir anaima pamphepete pa dzenje, akupuma mwa befu. Ndinaganiza kuti azungulira nkhani. Sanazungulire.

"Alamu, ndinalakwitsa. Kamzere kaja sikanali ka mwala wanu, kanali ka babu la kunyumba kwanga. Tulukanimo."

Selemani anawayang'ana, kenaka anayang'ana ine, mlongo wake. Saida anaika lichero pansi pang'onopang'ono.

"Tayang'ananinso," anatero Selemani. "Dzuwa ili latuluka. Mwina lero kaoneka."

A Twahir anatulutsa kamwala kaja ndi kapaipi, n'kulozetsa ku mtambo woyera umene unali pafupi ndi dzuwa. Chikwatiraneni sindinawaonepo ataima malo amodzi nthawi yaitali chomwecho. Ndinadziwa kuti aona kale, akungosowa potsitsira dzanja. Ndinawamvera chisoni, mkwiyo wonse uja unathera pomwepo.

"Ndi galasi," anatero. "Mwina la nyali ya kumbuyo kwa galimoto, madzi analikokolola kuchokera ku msewu."

Selemani sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anatuluka m'dzenjemo, n'kupita pa mulu wa chimanga uja. Anasankha phesi limodzi lobiriwirako, n'kulibzala pa mulu wa dothi, n'kupondaponda m'mbali. Linagwa. Analidzutsa, n'kupondanso.

Tonse tinkadziwa kuti chimanga chozulidwa chili m'mawondo sichigwiranso. A Twahir anandipatsa kapaipi kuti ndisunge, anavula nsapato, n'kukatola phesi lachiwiri.