Buledi yaduka lero, achimwene

Lero buledi ya bendiso, mpeni wa makina ochekera aja, yaduka ndikucheka matabwa a zitseko za hotela ina ya ku West Bay kuno kudziko la eni, ndiye ndangokhala pansi n'kuyamba kuganiza za inu, achimwene Yusufu. Ndakumbukira tsiku lija munandipeza nditaika buledi yaing'ono pa thabwa lochindikala, utsi uli tolo. Simunakalipe. Munati, "Yaing'onoyi ndi yokhotera, mphwanga. Thabwa ngati ili limafuna yotambalala, ya mano otalikirana, kuti utuchi uzituluka." Poweruka munayamba mwamasula buledi ija, bwana akukuwa yalla yalla pakhomo kuti tifulumire. Munati chitsulo chikagona chokokedwa sichichedwa kuduka.

Koma inuyo palibe amene anakumasulani. Munagwira ntchito mukutsokomola mpaka korona inakugonekani, ndipo tinakuikani mumchenga wa kuno, mayi anu ku Machinga akuonera pafoni. Lamulo lolola munthu kusintha ntchito linabwera inu mutapita kale. Allah akukhululukireni, achimwene. Ine ndikadali pa makina omwe aja, ndipo sindikudziwa ngati ndidzapondenso kumudzi. Madzulo aliwonse ndimamasula buledi monga munandiphunzitsira, koma lero yadukabe.