Mbaula Kuseri kwa Chitseko

Chaka chimene boma linatitumiza ku Mzuzu ndinadziwa kuti kuzizira kwa Juni kuno sikuseka ndi munthu. Ku Katawa tonse tinkaothera mbaula m'nyumba, mipata ya mawindo titatseka ndi nsanza. M'mawa utsi unkagona pamalata, osadziwika kuti nkhungu ndi iti.

Ndiye kunayamba kubwera amayi atatu a ku Lupaso, ovala malaya ofanana, kuyenda khomo ndi khomo kudandaula za utsi. Ine sindinawakhulupirire. Munthu angasiye ntchito zake chifukwa cha chifuwa cha mlendo? Mnzanga woyandikana naye anandinong'oneza kuti ndi akazitape a zankhalango, akufufuza matumba a makala. Ndinavomera msangamsanga, poti langa ndinagula kwa wa njinga amene ankacheukacheuka.

Loweruka lina m'mawa ndinamva odi. Thumba ndinalifunditsa chitenje pakhomo pomwepo. Mbaula, makala ali psuu, ndinathamangira nayo kuchipinda kumene kunkagona mwana wanga wamkazi wa zaka zitatu, n'kutseka chitseko.

"Mwawuka uli, mama?" anatero wamkulu wa amayi aja. "Ise nkhani yathu ndi utsi basi. Ana akutsokomola chomene."

"Kuno sitiotha makala," ndinayankha, maso ali gwa.

Ndinawayalira mkeka pakhonde kuti asaganize kuti ndikubisa kanthu. Analankhula, kulankhula, ine osamva chilichonse, ndikungolondola kumene maso awo akupita. Kenako wamkulu uja anakweza mphuno, n'kuyang'ana tinsapato tinali pakhomo.

"Mwana ali kuti?"

"Akugona."

"Mpaka dzuwa ili?"

Sanapemphe. Anangondidutsa n'kulowa. Ndinapsa mtima, ndimati ndimulalatire kuti m'nyumba ya eni salowa choncho, koma anatuluka atanyamula mwana ali lefuu, mutu uli lende. Mantha amene ndinamva sindinawamvepo. Anamugoneka pabwalo n'kumamukupiza ndi malaya ake aja, wina akuitana wa njinga yamoto. Mwana anasanza, kenako analira. Mayiyo anabwerera m'nyumba kukatsegula mawindo, nsanza zanga akuzitaya pansi. Kuchipatala anandifunsa amene anaika mbaula kuchipinda, ndipo ndinayang'ana pansi.

Mpaka lero sindidziwa amene anawagulira malaya ofanana aja, ndipo mtima wanga sunasiye kufunsa. Koma chitenje chija chinagwa pamene mayiyo ankalowa, thumba lonse poyera. Analidumpha kanayi, osaliyang'ana n'komwe.