Basi ya Timu Itaponda Masamba

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene timu imene bambo ankasewera ngati goloboyi inasamuka ku Blantyre kubwera ku Lilongwe. Tinapeza nyumba ya lendi ku Kawale. Chaka choyambacho chinali chowawa. Timu inkagonja pakhomo, ndipo anthu ochepa amene ankabwera kudzaonera ankaitchula kuti "timu ya obwera."

Loweruka lina kunagwa maliro pamzere wathu. Anamwalira Bambo Chimwaza, telala amene anandisokera yunifomu. Pamsewu anayala masamba monga mwa mwambo, kuti odutsa achepetse liwiro ndi phokoso. Ine ndi amayi tinali pamalirowo pamene basi ya timu inabwera kudzatenga bambo. Inali itachedwa. Bambo atakwera, dalaivala anaponda masamba aja osaima, wailesi ili pamwamba, osewera akuimba ndi kumenya mazenera. Fumbi linagwera azimayi amene ankaphika.

Nyimbo ya maliro inaduka pakati. Maso onse anatembenukira kwa ife.

"Si basi ya amuna anu imeneyo?" mayi wina anafunsa. Amayi anangoweramitsa mutu.

Madzulo anyamata anadzaima pageti pathu, ena atagwira miyala. Alandilodi anabwera osakhala n'komwe pansi. "Mwezi ukatha mupeze kwina. Sindifuna kuotcheredwa nyumba."

Bambo atabwerako anamva zonse ali chiimire. Anaimbira kochi kuti sapita kutireningi m'mawa mwake. Mawu a kochi ndinawamva ndili pakhomo: "Ukajomba, benchi!"

Kutacha bambo anatenga khasu, ife tikuwatsatira. Pamaliro anavula chipewa, nagwada pamaso pa mchimwene wa malemu.

"Ndinali m'basimo," anatero. "Ndinawaona masamba, koma sindinakuwe kuti tiime."

Kenako mkulu wa adzukulu, okumba manda aja, anayang'ana khasulo.

"Agolo, dothi la kuno ndi louma. Si mpira umenewu."

"Ngakhale mpirawo ukundipulumuka masiku ano," bambo anayankha.

Wina anaseka pang'ono, n'kudzigwira pakamwa. Mchimwene wa malemu anapukuta nkhope nati, "Pitani nawo kumanda."

Bambo anabwerako masana, manja ali matuza okhaokha moti magolovesi sakanalowa. Anakhaladi pabenchi, ndipo malo awo anatenga mnyamata wina mpaka ligi inatha. Timu inapulumuka mwamwayi osatuluka muligimo. Koma mwezi utatha alandilodi anangopereka moni n'kudutsa, ndipo tikukhala m'nyumba yomweyo mpaka lero.

Panopa ndili Folomu 4, ndipo ndikuyembekeza kuti maphunziro adzanditengera kumalo achilendo. Ndikudziwa chimene ndidzachite ndikadzafika. Kale ndinkaganiza kuti Kawale idzatilandira timu ikadzayamba kuwina. Inatilandira tsiku limene bambo anataya malo awo pagolo kuti akakumbe manda a mnansi.